Galimoto Yopanda Utsi

1. Ng'ombe za bambo

Chaka chimene petulo anasowa mpaka anthu kumatandala pa mizere ndi zigubu zawo, Lovemore wa ku Mitundu anatulukira nzeru.

Mnyamatayu anali ndi zaka makumi awiri. Analinso ndi satifiketi ya Fomu 4 yosungidwa m'pulasitiki, laisensi yoyendetsera galimoto, ndi ngolo. Pa zonsezi chimene chinkadyetsa banja chinali ngolo, ndipo n'chimene iye ankachita nacho manyazi.

Ngoloyo inkakokedwa ndi ng'ombe ziwiri, Bulaki ndi Mawanga, zimene bambo ake anamusiyira pomwalira. Zinkatuta njerwa, manyowa, mabelo a fodya ndi odwala opita kuchipatala. Mayi ake, a Enelesi, ankati ng'ombezo ndiye mwamuna amene anatsala pakhomo.

Koma Lovemore akamadutsa pamsika atakhala pamwamba pa manyowa, anzake a kabaza ankamukuwa.

"Dalaivala! Tsekani mawindo, mutsegule eyakoni!"

Tsiku lina anaona pa foni kuti ku Nathenje kukugulitsidwa galimoto yakale yoyendera magetsi. Siimwa petulo. Imangotchajidwa basi. Lovemore anaona kale m'maso mwake akunyamula anthu kuchoka pa Mitundu kupita m'tauni, uku eni maminibasi akuwodzera pa mzere wa mafuta.

Nkhaniyi anakaitula kwa amalume ake, a Efulemu, amene anali mwini mbumba. A Efulemu anayendetsapo bwana wina wa m'tauni kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo sankalola munthu aliyense kuiwala zimenezi. Ankavala tayi ngakhale popita kudimba. M'chiuno mwawo munkalendewera mulu wa makiyi, ngakhale kuti panalibe kiyi ndi mmodzi yemwe wotsegula chinthu cha matayala.

"Mphwanga, waganiza ngati munthu," anatero a Efulemu. "Mbumba yanga yanunkha ndowe mokwanira. Gulitsa ng'ombe."

Lolemba ng'ombe ndi ngolo zinapita kwa a Wahabu, bambo wa golosale amene ankagulanso ziweto. Potuluka pakhomo Mawanga anacheuka kawiri. Bulaki sanacheuke, poti iye analibe chidwi ndi za anthu kuyambira kale.

2. Mawu a mayi

Lachiwiri m'mawa Lovemore anasita shati yake yoyera. A Enelesi anamupeza akupukuta nsapato pakhonde.

"Lovemore, takhala pansi," anatero. "Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo galimoto ndimangokwera kumbuyo. Koma ndinkaona bambo ako akamagula ng'ombe. Sankagula m'mawa, itangodzuka, ubweya ukunyezimira. M'mawa ng'ombe iliyonse ndi mnyamata. Ankayamba aitsegula pakamwa n'kuwerenga mano, chifukwa mwini wake akhoza kunama zaka, koma mano sanama.

"Akatero ankaimanga pa goli, n'kudzaza ngolo ndi mchenga, n'kupita nayo pa chitunda cha kudambo chija. Kukwera, kutsika, kukweranso. Ikafika pamwamba kachitatu isanagwade, m'pamene ankayamba kukamba za mtengo. Mawanga yemweyu anamuyesa tsiku lathunthu. Mwini wake anakwiya, koma bambo ako anati munthu wokaniza kuyesa ng'ombe yake akudziwa chimene akubisa."

Lovemore anapitiriza kupukuta nsapato imene inali itawala kale.

"Akuti galimoto yakoyo imayendera batire ngati foni," anapitiriza a Enelesi. "Foni yangayi ukuidziwa. Ikamachoka kotchaja imaonetsa kuti yakhuta. Ndikangoimbira azakhali ako ku Nkhoma, tisanamalize n'kulonjerana komwe, yafa. Koma taiona kunja kwake, ilibe ndi chipsera chomwe.

"Ndiye iwe ukafunse kuti mano a galimotoyo ali pati, ukawerenge wekha. Ukakwezemo anthu, ukapite nayo kutali, kwa zitunda. Akakakukaniza, ukanyamule ndalama zako ubwere. A Wahabu andilonjeza kuti ukawabwezera ndalama zawo atibwezera ng'ombe zathu. Anthu akuseka sabata imodzi, kenako apeza wina womuseka. Koma chimanga chili pa mikukwe kumunda, mwananga, ndipo mutu wangawu sungasenze za ngolo zisanu ndi ziwiri."

Nthawi yomweyo kunamveka kulira kwa makiyi. A Efulemu anali atafika, tayi ili pakhosi, nyuzipepala yakale ili kukhwapa.

"Alongo," anatero, "za ng'ombe tizikufunsani inu. Za galimoto, tilipo ife."

3. A Efulemu ayesa galimoto

Galimotoyo anaipeza ku Nathenje, kuseri kwa sitolo ina, pansi pa mtengo wa bulugamu. Inali yoyera, yotsukidwa bwino, matayala atapakidwa polishi. Wogulitsa anali Calvin, mnyamata wa suti yothina ndi magalasi akuda. Anawalandira ngati abale ake amene anasowana nawo kalekale.

"Madala! Bigi! Mwafika nthawi yabwino. Ionereni nokha, ine sindilankhula zambiri."

Analankhula kwa theka la ola.

Lovemore anaima pambali pa galimoto, dzanja lili pa chitseko, Calvin n'kumujambula. Chithunzicho chinapita pa foni kwa anzake onse asanatsegule n'komwe chitsekocho.

Kenako a Efulemu anavula jekete. Anthu amene ankadikira minibasi anasendera pafupi, poti zaulere siziwawa maso.

Poyamba a Efulemu anamenya tayala lililonse ndi nsapato. Matayala onse anayi anapirira. Anayala nyuzipepala ija pansi pa galimoto, n'kudikira mphindi zisanu akuyang'ana wotchi. Ataisolola inali youma.

"Siikudontha," analengeza.

Anatsegula boneti n'kuyamba kufufuza kachitsulo koyezera oyilo. Anafufuza kumanja, anafufuza kumanzere. Sanakapeze. Anaimirira n'kupukuta manja.

"Oyilo siidya."

Anazungulira kumbuyo, anayala kampango pansi, nagwada kuti aone ekizozi, paipi yotulutsira utsi. Nayonso panalibe. Izi sizinawasokoneze. Anatambasula kampango kena koyera pamalo pamene ekizozi imayenera kukhala.

"Mphwanga, liza injini."

"Yalira kale, amalume."

"Yalira?"

"Eya."

A Efulemu anatchera khutu. Kunkamveka nkhuku, ndi kondakitala wina akuitanira anthu a ku Dedza. Anayang'ana kampango kaja. Kanali koyera mbee. Anakakweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Abale anga, zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndikumvetsera mainjini. Injini yodwala imatsokomola, imatulutsa utsi, imalira ngati chigayo. Iyi ikupuma ngati khanda. Chibadwire sindinaonepo galimoto ya thanzi chotere."

Anthu ena anaomba m'manja. Calvin anaomba kuposa onse.

Anaiyesanso pamsewu. Calvin anaiyendetsa yekha, kutsetsereka kukafika pa mlatho, n'kutembenuka. Ulendo wonse unatha a Efulemu asanamalize kufotokoza za tsiku limene anayendetsa bwana wawo kupita ku Mzuzu osaima.

4. Mizere isanu

Lovemore anakhala pa mpando wa dalaivala. Iye sanabwere wopanda kanthu m'mutu. Anali atawerenga pa foni kuti moyo wa galimoto yotere uli m'batire, ndipo batire limakalamba ngakhale kunja kukuwala. Anawerenganso kuti pagalasi la kutsogolo kwa chiwongolero pamakhala zinthu ziwiri. Pali nambala yaikulu yolonjeza makilomita amene atsala. Pambali pake pali timizere tosonyeza mphamvu imene batire latsala nayo pa moyo wake. Galimoto ikakhala yatsopano timizereto timakhala khumi ndi tiwiri.

Nambala yaikulu inkati 90. Koma pamene panayenera kukhala timizere panali patamatidwa kapepala kolembedwa kuti "Yendani Bwino".

Lovemore anakakanda ndi chikhadabo n'kukatukula. Anawerenga. Anawerenganso kuyambira pansi. Tinali tisanu.

"Achimwene," Lovemore anaitana Calvin, "timizereti tili tisanu."

"Ndiye zabwinotu zimenezo, bigi! Ngati hotelo ya nyenyezi zisanu. Pamwamba pake palibenso."

"Ndinawerenga kuti timakhala khumi ndi tiwiri."

"Za pa foni zimenezo. Amalemba ndi anthu ansanje, ogulitsa petulo."

Lovemore anayesa njira ina. "Bwanji tipite nayo ku Nkhoma n'kubwerera? Kuli zitunda. Tikwezemo anthu angapo."

Calvin anavula magalasi n'kuyang'ana a Efulemu mwachisoni.

"Madala, ine ndimayesa ndikuchita ndi akuluakulu. Pali bwana wina wa ku Likuni akubwera thuu koloko, ndalama zili m'manja. Ndinamukaniza chifukwa cha ulemu wanu. Koma ngati mwanayu sakukhulupirira kuyesa kwanu, palibe vuto. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

A Efulemu anaweramira pawindo. Mawu awo anali apansipansi.

"Mphwanga, ukufuna anthu onsewa akanene kuti Efulemu anayesa galimoto, mwana n'kubwereza? Ndinakuphunzitsa ndani kugwira chiwongolero? Timizere n'chiyani? Utsi wauona? Oyilo wamuona? Usandivule pagulu."

Foni ya Lovemore inanjenjemera m'thumba. Anzake a kabaza anali ataona chithunzi chija. Wina analemba kuti, "Bwana Magetsi!" Wina anati, "Tikudikira pa siteji, usatiiwale ife osauka."

Ndalama za ng'ombe zinali m'thumba la mkati, zomangidwa ndi mphira. Minibasi yobwerera inali pamsewu pomwepo, ikuitanira. Lovemore anayang'ana minibasiyo, anayang'ana amalume ake, anayang'ananso timizere tija.

Kenako anabwezeretsa kapepala kaja pamalo pake n'kukasindikiza ndi chala chachikulu kuti kamatirire bwino.

"Tatenga," anatero.

Calvin analandira ndalama, napereka kiyi. Za mapepala a galimoto anati abwera nawo yekha sabata yamawa. A Efulemu anati ndi mmene zimakhalira pakati pa anthu odziwana.

5. Fulu

Pali njira yafumbi yodulira kuchoka ku Nathenje kupita ku Mitundu. A Efulemu anaikana. Anati galimoto yotere siyenda m'fumbi tsiku loyamba, ndiponso m'njira imeneyo mulibe anthu okwanira oti aione. Anadzera msewu wa tala, wozungulira.

Atafika pamalo ena omwetsera mafuta anapeza mzere wautali wa magalimoto. A Efulemu analamula kuti Lovemore achepetse liwiro, atseke mawindo, atsegule eyakoni mpaka kumapeto, ndipo alize hutala. Iwo anakweza dzanja ngati munthu wamkulu akudutsa pa msonkhano. Pa mzerewo panalibe amene anawadziwa.

Pokhotera msewu wa ku Bunda anakweza amayi atatu ndi matumba awo awiri a mbatata. Amenewa ndiwo anali makasitomala oyamba.

Lovemore anayang'ana nambala ija. Inkati 41. Sanayende ngakhale theka la zimene inalonjeza.

Anazimitsa eyakoni mwakachetechete. A Efulemu anaitsegulanso.

Nambala inati 30. Atakwera kachitunda kamodzi inati 18. Kenako inaleka kunena manambala, n'kungoonetsa timizere togona. Shati yoyera ija inamatirira kumsana ngakhale m'galimoto munkazizira.

Posakhalitsa pagalasi panayaka kachithunzi ka fulu wachikasu.

"Kafulu aka n'kachiyani?" anafunsa mayi mmodzi kumbuyo.

"Chizindikiro cha moyo wautali," anayankha a Efulemu.

Galimoto inayamba kuyenda ngati fuluyo. Njinga yakapalasa yonyamula makala inawapitirira. Pa chitunda china chaching'ono, phiri la Bunda likuoneka poteropo, galimoto inaima. Sinatsokomole, sinatulutse utsi. Inafa mwaulemu, monga momwe inkayendera.

A Efulemu anatsegula boneti n'kuyang'anamo nthawi yaitali, manja ali m'chiuno.

"Tiikankhe. Ilira."

"Amalume, iyi siilira chokankha."

"Galimoto iliyonse imalira chokankha. Amayi, tatsikani mutithandize."

Anakankha. Amayi atatu, a Efulemu ndi tayi yawo, ndi bambo wina wodutsa amene anangomva chisoni. Anaifikitsa pamwamba pa chitunda, n'kuithamangitsa potsetsereka.

"Ponya giya! Ponya giya!" anakuwa a Efulemu.

Munalibe giya yoti aponye. Galimoto inatsetsereka mpaka pamene chitunda chinathera, n'kuimanso.

Amayi aja anatsitsa mbatata zawo. Mmodzi anati chikhalire sanakwerepo galimoto yoti wokwera ndiye injini. Anaimitsa njinga za kabaza n'kumapita.

Lovemore anaimbira Calvin. Foni inali yozimitsa. Anaimbanso kanayi. Kumbuyo kwa galimoto anapezako chingwe chotchajira, koma pamsewupo panalibe poti achilowetse. Apa m'pamene anakumbukira bwinobwino kuti ngakhale kunyumba kwawo magetsi amene analipo anali kasola kamodzi ka padenga, kotchajira foni ya mayi ake ija.

A Efulemu anayang'ana wotchi. Anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi msonkhano wa madoda, akuluakulu a mpingo, kutchalitchi. Minibasi itaima, anakwera.

"Usaisiye yokha, mphwanga," anatero ali pawindo. "Anthu angaibe."

6. Kubwerera kumudzi

Dzuwa litapendeka, Lovemore anamva phokoso limene ankalidziwa kuyambira ali mwana. Linali tayala la kumanzere la ngolo, lija linkalira likasowa girisi.

Anali a Wahabu, akuchokera kotula njerwa. Bulaki ndi Mawanga anaima okha asanauzidwe. Mawanga anatambasula khosi n'kununkhiza shati ya Lovemore.

A Wahabu anayang'ana galimoto, anayang'ana mnyamatayo. Sanaseke, ndipo Lovemore akanakonda akanaseka.

"Mwana wa Enelesi, yatani?"

"Batire latha."

"Lomwe lija amati silitha?"

Anatsika, namasula chingwe cha njerwa, n'kumangirira galimoto kumbuyo kwa ngolo. Lovemore anakhala pa chiwongolero. Ng'ombe zinakoka osadandaula. Zinali zitakokapo zolemera kuposa apa.

Njira yopita kwawo inkadutsa pa siteji ya kabaza. Panalibe njira ina. Anzake aja analipo onse, monga analonjezera.

"Bwana Magetsi afika!"

"Dalaivala, ndiye mwagula ngolo ya magalasi?"

"Zoonadi siimwa petulo! Imadya udzu!"

Lovemore anayesa kutseka windo. Nalonso linkayendera magetsi.

Pa mphambano ya kwawo ng'ombe zinakhota zokha. Zinakaima pakhomo, pafupi ndi khola lawo lakale limene linali lotsegula.

A Enelesi anatuluka. Sanayang'ane galimoto. Anapita kwa Mawanga n'kumusisita pamphumi. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Mano unawerenga?"

"Ndinawerenga."

"Analipo angati?"

"Asanu."

"Mwa angati?"

"Mwa khumi ndi awiri."

"Ndiye unadziwa."

Lovemore anayang'ana nsapato zake. Polishi yense anali atakwiririka ndi fumbi.

A Wahabu anamasula chingwe n'kuchikulunga pang'onopang'ono.

"Mayi, lonjezo langa lija lilipobe," anatero. "Koma ndisakunamizeni. Bulaki ndimusunga, akadali ndi mphamvu. Mawanga wakula, ndipo a butchala anamuona kale. Ndawauza kuti adikire mpaka Loweruka, tsiku la msika. Iwe mnyamata, ukabweza galimotoyi kwa mwini wake n'kubwera ndi ndalama Loweruka lisanafike, ng'ombe zonse ziwiri zilowa m'khola ili. Kupitirira apo, ine ndilibenso mawu."

Anakwera ngolo. Panafunika mkwapulo kuti Mawanga achoke pakhomopo.

A Enelesi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi dengu lalikulu ndi nkhata. Kunja kunali kukadawala. Analunjika njira ya kumunda, kumene mikukwe ya chimanga inkadikira. Sanamuitane Lovemore kuti awatsatire.

Iye anatsala m'galimoto. Anaimbiranso Calvin, foni inali chizimire. Anayamba kufufuza paliponse, mwina n'kupeza pepala losonyeza kumene Calvin amakhala. M'kabokosi ka kutsogolo anapezamo kakhadi kolembedwa dzina loti Jacinta, ndi nambala ya foni.

Anaimba. Amene anayankha anali mayi wa mawu odekha.

"Pepani mayi, ndine Lovemore wa ku Mitundu. Ndikufuna Calvin, amene wandigulitsa galimoto yoyera ya magetsi lero ku Nathenje."



"Wakugulitsani?" anatero mayiyo. "Galimoto imeneyo ndi yanga. Ndinamusiyira mwezi watha kuti andipezere batire lina, poti lakelo linatheratu. Mwati muli ku Mitundu? Musachoke pamenepo. Ndikubwera mawa m'mawa, ndipo sindibwera ndekha."